FONI YADZAZA KAPENA YALEMEDWA?

Nkhani yanga lero si ya Chilatini kapena ya mpira ayi, koma ya kachipangizo kamene anthu ambiri akuyenda nako m'thumba masiku ano. Ife aseminale tikapita ku tchuthi timasanduka amisiri a foni, chonsecho palibe adatiphunzitsa ntchitoyo. Usanapume n'komwe, amayi abwera ndi yawo, a katekisiti atumiza yawo, a tcheya a mphakati nawo ali pakhomo: "Inu a kusukulu, tationeraniko foniyi, memori yatha." Tsono ine ndaona kuti mawu amodzimodziwa akuti "memori yatha" amanenedwa pa matenda awiri osiyana kotheratu, ndipo chifukwa chosasiyanitsa matendawo anthu akutaya ndalama pogula mankhwala olakwika. Ena agula khadi lalikulu koma foni ikuchedwabe ngati kale. Ena agula foni yatsopano atakopeka ndi manambala a pa katoni. Ena, ndipo awa ndiwo omvetsa chisoni zedi, ataya zithunzi za ukwati, za ubatizo wa ana ndi za makolo amene adatisiya, zinthu zosatheka kuzijambulanso.

Matenda oyamba ndi awa: mukufuna kujambula chithunzi kapena kulandira vidiyo, foni n'kukana, ikuti malo atha. Imeneyo yadzaza. Matenda achiwiri ndi awa: malo alipo ndithu, koma foni ikuyenda ngati nkhono, mukatsegula WhatsApp nyimbo imene mumamvera ikuzima, mukabwerera ku Baibulo la m'foni mupeza latseka ndipo likuyambiranso ku Genesis. Imeneyo sinadzaze, yalemedwa.

DESIKI NDI BOKOSI

M'foni iliyonse muli memori za mitundu iwiri. Kuti timvane bwino, taganizirani mwana wa sukulu yogonera komweko. Ali ndi bokosi lake kuchipinda chogona, m'mene amasungamo mabuku onse, makope akale, zovala ndi tina n'tina. Alinso ndi desiki m'kalasi, pamene amatsegulapo mabuku amene akuwerenga nthawi imeneyo. Bokosi ndi lalikulu koma lili kutali. Desiki ndi laling'ono koma lili pamphuno. Ndipo tiyerekeze kuti pa sukuluyo pali lamulo lakuti magetsi akangozima, zonse za pa desiki zimasesedwa, pasatsale kanthu.

Bokosi lija ndiwo malo osungira zinthu, amene m'foni amalembedwa kuti Storage. M'menemo ndimo mumakhala zithunzi, nyimbo, mauthenga ndi mapulogalamu onse. Malowa amapangidwa ndi mtundu wa memori wotchedwa flash, umene adautulukira Fujio Masuoka, injiniya wa ku Japan wa kampani ya Toshiba, m'zaka za m'ma 1980. Ubwino wa flash ndi wakuti siiwala. Muzimitse foni, muchotse batire, muisiye mwezi wathunthu, zithunzi mudzazipeza zili momwemo.

Desiki lija ndiyo RAM. Pulogalamu iliyonse, kuti igwire ntchito, iyenera kuyamba yachoka m'bokosi n'kuikidwa pa RAM. RAM ndi yothamanga kwabasi, koma ndi yoiwala: imasunga zinthu pokhapokha pamene muli magetsi. N'chifukwa chake foni ikazima ndi kuyakanso zonse zimene mudatsegula zimakhala zitatsekeka.

Kusiyana kwa liwiro pakati pa ziwirizi si kwamasewera. Kupeza kachidutswa ka uthenga mu flash kumachedwa pafupifupi ka 1,000 poyerekeza ndi kukapeza pa RAM. Tikabwerera kwa mwana uja, ngati kutola buku pa desiki kumamutengera sekondi 1, kukalitenga kubokosi kungamutengere mphindi zoposa 16. Sungani nambala imeneyi m'mutu, tiifunanso kutsogoloku.

Tsono mukaona pa katoni ya foni palembedwa 64GB ndi 3GB, dziwani kuti nambala yaikuluyo ndi bokosi, yaing'onoyo ndi desiki. Foni yodzaza ili ndi vuto la bokosi. Foni yolemedwa ili ndi vuto la desiki. Bokosi mutha kuonjezera. Desiki simungaonjezere, chifukwa RAM ya foni idawotcheredwa pa bolodi la m'kati, kusiyana ndi makompyuta ambiri a muofesi amene munthu amatsegula n'kulowetsamo RAM ina. Phunziro lonseli lagona pa mfundo imeneyi.

KUONJEZERA BOKOSI

Bokosi lachiwiri ndilo memori khadi, kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo, kotalika mamilimita 15 ndi 11 m'lifupi. Makhadi a mtundu wa SD adayamba mu 1999 pamene makampani atatu, SanDisk, Panasonic ndi Toshiba, adagwirizana zopanga khadi la mtundu umodzi. Kakang'ono ka m'mafoni kadabwera mu 2004 ndi dzina lakuti TransFlash, ndipo mu 2005 kadatchedwa microSD.

Musanagule, yambani mwaona ngati foni yanu ili ndi polowetsa khadi. Mafoni a iPhone alibe ndipo sadakhalepo napo, ndipo mafoni ena odula a Android adasiya kuikapo. Pali mafoni enanso amene malo a khadi ndi omwewo a SIM yachiwiri. Kwa ife amene timakonda kukhala ndi TNM ndi Airtel m'foni imodzi, pamenepo pali kusankha: layini yachiwiri kapena khadi. Funsani zimenezi ndalama zisanachoke m'manja. Paja safunsa adadya phula.

Chachiwiri, makhadi ali ndi mibadwo. Olembedwa SDHC, amene adayamba mu 2006, amafika pa 32GB. Olembedwa SDXC, a mu 2009, amayambira pamwamba pa 32GB mpaka 2TB. Foni yakale imene idapangidwira SDHC ikhoza kukana khadi la 64GB, osati chifukwa khadilo ndi loipa, koma poti silikulankhula chilankhulo chake. Makhadi a SDHC amabwera atakonzedwa m'njira yotchedwa FAT32, imene siilola kanthu kamodzi kopitirira 4GB. Kotero vidiyo yaitali ya Misa yodzoza ansembe ikhoza kukana kulowa pa khadi la 32GB lopanda kanthu. Sikuti khadi ladzaza. Khomo lake ndilo lachepa.

Musadabwenso mukalowetsa khadi la 32GB kompyuta n'kunena kuti lili ndi 29.8GB. Wogulitsa sanakubereni pamenepo. Opanga makhadi amawerenga ndi 1,000 pamene kompyuta imawerenga ndi 1,024, ndipo kusiyanako kukachulukitsidwa katatu kumadya magigabaiti awiri. Khadi la 64GB limaoneka ngati 59.6GB. Kuba kwenikweni ndi kwina, ndipo ndikuti ndikambepo pang'ono chifukwa kwaliza anthu ambiri.

Pali makhadi achinyengo. M'kati mwa khadi lililonse muli kachipangizo kamene kamauza foni kukula kwa khadilo. Anthu osaopa Mulungu amatenga khadi laling'ono, tinene la 8GB, n'kukaphunzitsa kachipangizoko kunama kuti ndi la 128GB, kenaka n'kusindikiza dzina la kampani yotchuka pamwamba. Mukalilowetsa, foni imakhulupirira. Masabata oyamba zonse zimayenda bwino, chifukwa simunadzaze 8GB yeniyeni ija. Mukangopitirira, zatsopano zimayamba kulembedwa pamwamba pa zakale kapena kungotayika. Mayina a zithunzi amaonekabe, koma mukatsegula mupeza mdima wokhawokha. Choipa kwambiri n'chakuti munthu amazindikira patapita miyezi, atafufuta kale zithunzi zake m'foni poganiza kuti zili pabwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khadi lalikulu la mtengo wotsika modabwitsa muzilikayikira. Njira yotsimikizira ndi imodzi yokha: kulidzaza lonse lisanayambe ntchito, ndi kuona ngati zonse zikuwerengeka. Pa kompyuta pali pulogalamu yaulere yotchedwa H2testw imene imachita ntchito yomweyi. Imalemba khadi lonse, n'kuliwerenganso, n'kukuuzani kukula kwake kwenikweni. Imatenga nthawi, nthawi zina maola, koma ndi bwino kutaya madzulo amodzi kusiyana ndi kutaya zithunzi za zaka zisanu.

NJIRA ZIWIRI ZOGWIRITSIRA NTCHITO KHADI

Apa ndipo ndikupempha makolo amvetsere bwino. Mukalowetsa khadi latsopano m'mafoni ambiri a Android, foni imakufunsani funso m'Chingerezi: kodi khadili likhale portable storage kapena internal storage? Anthu ambiri amangodina chilichonse kuti funsolo lichoke.

Mukasankha portable, khadi limakhala ngati chikwama cha m'manja. Mutha kulichotsa, kuliika m'foni ina, m'wailesi kapena pa kompyuta, ndipo zonse ziwerengeka. Foni ikagwera m'madzi, khadi mumalipulumutsa pamodzi ndi zithunzi zake. Kuipa kwake n'kwakuti mapulogalamu ambiri salola kukhala pamenepo; limangosunga zithunzi, nyimbo, mavidiyo ndi zolembedwa.

Njira ya internal idabwera ndi Android 6.0 mu 2015. Mukaisankha, foni imafufuta zonse za pa khadi, n'kulisandutsa chiwalo cha thupi lake, ndipo mapulogalamu amene amalola akhoza kusamukira pamenepo. Zikumveka zokoma. Koma foni imatseka khadilo ndi loko wachinsinsi, ndipo kiyi wake amakhala m'kati mwa foni yomweyo basi. Muliike m'foni ina, siliwerengeka. Muliike pa kompyuta, ikuuzani kuti mulifomate. Foni ikafa, khadi lili bwinobwino m'manja mwanu koma zonse zili m'menemo zapita. Ngakhale foni ikhale yamoyo, mmisiri akaifufuta yonse kuti iyambirenso ngati yatsopano, kiyi uja amapita nawo limodzi. Ndipo khadi likafa, mapulogalamu amene adasamukirako amafera limodzi. Makampani ena, monga Samsung, adaichotsamo njira imeneyi m'mafoni awo ambiri, ndipo ine sindiwadzudzula.

Maganizo anga ndi akuti kwa amayi athu, abambo athu ndi wina aliyense amene chuma chake cha m'foni ndi zithunzi ndi nyimbo za kwaya, njira yabwino ndi portable. Mukatero, lowani mu kamera n'kuiuza kuti izisungira pa khadi. Kenaka sunthani mavidiyo akale kupita nawo pa khadi. Ndiponso yang'anani WhatsApp, chifukwa kawirikawiri ndiye mbava yaikulu ya malo. Munthu ali m'gulu la parishi, la kwaya, la mphakati, la banja ndi la anzake a kusukulu, ndipo vidiyo imodzi yomweyo ikubwera m'magulu anayi, foni n'kumangolandira osafunsa. Mu Settings ya WhatsApp, pa Storage and data, mutha kuletsa kulandira kopanda chilolezo kumeneku, ndi kuonanso gulu limene ladya malo ambiri. Mupulumutsa malo, mupulumutsanso bandulo.

NANGA DESIKI LIKACHEPA?

Tabwerani tsopano ku matenda achiwiri. Mwana uja ali pa pulepu, desiki ladzaza: Biology yatsegulidwa, dikishonale yatsegulidwa, kope la masamu lili pomwepo. Akufuna kutsegulanso buku la mapu koma palibe malo. Angachite ziwiri. Angatseke buku limodzi n'kulibweza, ndipo akadzalifunanso adzayambira poyamba kufunafuna tsamba. Android imachita chimodzimodzi: RAM ikadzaza, imatseka pulogalamu imene simukuiyang'ana nthawi imeneyo. N'chifukwa chake Baibulo lija limabwerera ku Genesis.

Kapena angachite mwanzeru ina. Angapatule ngodya imodzi ya bokosi lake, n'kumaikamo mabuku ali chitsegulire, kope lili pa tsamba lomwelo, cholembera chili pomwe adalekezera. Akalifuna amathamanga kukalitenga, n'kusiyako lina. Ngodya yopatulidwayo ndiyo swap. Liwuli m'Chingerezi litanthauza kusinthanitsa, chifukwa china chimapita, china chimabwera.

Nzeru imeneyi si yatsopano, ndi yakale kuposa makolo athu ambiri. Idayambira pa kompyuta yotchedwa Atlas, ya pa yunivesite ya Manchester ku England, imene idayamba ntchito mu 1962 motsogozedwa ndi Tom Kilburn. Masiku amenewo memori yothamanga inali yodula koopsa, kotero Atlas inali nayo yochepa. Koma inalinso ndi chipangizo chamaginito chozungulira, chooneka ngati ng'oma, chochedwa koma chosunga zinthu zochuluka kasanu ndi kamodzi. Akatswiriwo adagawa memori m'zidutswa zofanana zotchedwa masamba, n'kukonza kuti makinawo azisuntha okha masambawo pakati pa memori yothamanga ndi ng'omayo. Wolemba pulogalamu ankangoona ngati ali ndi memori imodzi yaikulu. Mpaka lero makompyuta ndi mafoni amagawa memori m'masamba, ndipo m'mafoni ambiri tsamba limodzi ndi makilobaiti 4.

Pa zipangizo za m'manja nzeruyi idafika kalekale ndithu. Nokia 770, kachipangizo koonera intaneti ka mu 2005, kanali ndi RAM ya 64MB yokha, ndipo kuyambira 2006 kankalola mwini wake kupatula malo pa memori khadi kuti akhale swap. Mu 2009 kudabwera Nokia N900, imene inali ndi RAM yeniyeni ya 256MB ndi swap ya 768MB. Phatikizani manambala awiriwo, mupeza 1,024MB, ndiye kuti 1GB, ndipo ndiyo nambala imene inkamveka poitsatsa. Foni ya desiki la 256 inkatchulidwa ndi nambala yokulirapo kanayi.

Masiku ano masamu omwewo ali ponseponse. Samsung imati RAM Plus, ndipo idayamba zimenezi mu 2021. Xiaomi imati Memory extension. Mafoni a Tecno, amene ndi ofala kwambiri kuno kwathu, amati Memory Fusion, ndipo abale ake a Infinix ndi itel, ochokera ku kampani imodzi yomweyo ya Transsion ya ku China, ali nazonso zotere. Tsono mukaona pa katoni nambala yaikulu 8GB, pansi pake timalemba ting'onoting'ono takuti 4+4, dziwani kuti desiki ndi la 4. Inayo ndi ngodya ya bokosi.

KODI SWAP NDI BODZA?

Ayi, si bodza, ndipo sindikufuna kuti wina achoke pano akunena kuti waseminale uja wati n'zachabechabe. Swap imathandiza pa chinthu chimodzi chenicheni. Mapulogalamu ambiri amakhala ndi zigawo zimene zangogona, zosagwiritsidwa ntchito kwa nthawi yaitali. Kuzisuntha zimenezo kumapereka mpata pa desiki, ndipo pulogalamu imene ikadatsekedwa imakhalabe yamoyo. Kwa munthu amene amadumphadumpha pakati pa mauthenga, Baibulo ndi kalendala, phindu lake limaoneka: akabwerera amapeza zinthu pomwe adazisiya.

Koma kumbukirani mphindi 16 zija. Foni singagwire ntchito ndi tsamba lili mu swap. Liyenera kubwerera pa RAM kaye. Ngati zimene mukuchita nthawi imodzi zikukwana pa desiki, ulendo wa kubokosi umachitika mwa apo ndi apo ndipo simuumva. Koma ngati ntchito imodzi yokha ikufuna mabuku ochuluka kuposa desiki, monga masewera akuluakulu kapena kukonza vidiyo, mwana uja amangoti wabweretsa buku ili, likufunika lomwe wangosiya kumene. Wathamangira ilo, likufunikanso lija. Pulepu yonse imatha ali panjira pakati pa kalasi ndi kogona, thukuta lili kamukamu, osawerengako mzere ndi umodzi womwe. Akatswiri amautcha mkhalidwe umenewu thrashing, ndipo Peter Denning wa ku America adaufotokoza bwino mu 1968. Foni ikafika pamenepo imatentha, batire imatha msanga, ndipo mukadina siiyankha. Kuonjezera swap pamenepo kuli ngati kukulitsa bokosi la mwana amene vuto lake ndi mtunda.

Anzanga ena okonda kutokosa zinthu amafunsa kuti, bwanji osaika swap pa memori khadi, poti khadi ndi lotsika mtengo? Pa zipangizo zoyendera Linux zimene mwini wake ali ndi ulamuliro wonse, n'zotheka: munthu amapatula malo, n'kulamula kuti mkswap, kenaka swapon, zatheka. Palinso nambala yotchedwa swappiness, imene kawirikawiri imayambira pa 60, youza makina kuti azifulumira motani kusuntha masamba. Pa foni wamba ya Android simungachite zimenezi popanda kuthyola maloko a foniyo, zimene anyamata amati kuiruta, ndipo mukatero mapulogalamu ena a banki amakana kugwira ntchito. Koma ngakhale mutakwanitsa, tiyeni tichite masamu.

Pa khadi pamakhala zizindikiro zambiri. Nambala 10 yozunguliridwa ndi chilembo C itanthauza kuti khadilo limalemba mamegabaiti osachepera 10 pa sekondi, koma polemba chinthu chimodzi chachitali mondondozana, monga vidiyo. Swap siilemba choncho. Imalemba timasamba ta makilobaiti 4, apa kamodzi, uko kamodzi, ngati nkhuku yotola mapira. Chizindikiro choyeza ntchito yotereyi ndi A1 kapena A2. Khadi la A1 limalonjeza kuwerenga tizidutswa 1,500 ndi kulemba tizidutswa 500 pa sekondi. La A2 limalonjeza 4,000 ndi 2,000, ngati foniyo ikudziwa kuligwiritsa ntchito moyenera. Tsono 500 kuchulukitsa ndi 4 ndi makilobaiti 2,000, ndiye kuti pafupifupi 2MB pa sekondi. Pa liwiro lolonjezedwalo, kusuntha pulogalamu ya 200MB kungatenge masekondi 100. Ndani angadikire nthawi yonseyo kuti atsegule uthenga? Ndipo limeneli ndi khadi labwino; lopanda chizindikiro cha A silinalonjeze kanthu pa ntchito imeneyi.

Pali vuto linanso. Flash imatha, monga momwe pepala limabookera mukafufuta malo amodzi kambirimbiri. Kuwerenga sikuiwononga kwenikweni, koma kulemba ndi kufufuta kumaidya pang'onopang'ono. Tizipinda ta flash ya mtundu wakale tinkapirira kulembedwa pafupifupi ka 100,000. Ta m'makhadi otsika mtengo a masiku ano, timene timapanikizidwa kusunga zambiri pa malo ochepa, timapirira ka 1,000 kapena masauzande ochepa chabe. Khadi limayesetsa kugawa ntchito mofanana kuti pasakhale malo otha msanga, ndipo kwa wosunga zithunzi limakhala zaka zambiri. Koma swap imalemba usana ndi usiku. Kuika swap ndi zithunzi za banja pa khadi limodzi ndiko kumangirira mbuzi m'munda wa chimanga. Ndipo khadilo likangosuntha pang'ono foni ili mkati mogwira ntchito, masamba amene inkadalira amasowa mwadzidzidzi, zonse n'kuima.

Chifukwa cha mavuto amenewa akatswiri adapeza njira ina yochenjera yotchedwa zram, imene idayambidwa ndi Nitin Gupta. M'malo mothamangira kubokosi, mwana uja amapatula ngodya ya desiki lomwelo, n'kumafinya mabuku ogona kuti achepe, monga amayi amafinyira zovala m'chikwama cha paulendo. Masamba ofinyidwa amatenga theka la malo kapena kucheperapo, ndipo kuwafunyulula n'kofulumira kwambiri kuposa ulendo wa ku flash. Palibenso chimene chikutha. Mtengo wake ndi ntchito pang'ono ya purosesa basi. Android idayamba kugwiritsa ntchito zram pa Android 4.4 mu 2013, pofuna kuti mafoni a RAM ya 512MB azitha kuyenda, ndipo mu 2014 idalandiridwa mokwanira mu Linux. Mafoni ambiri a Android ali nayo kale, ikugwira ntchito mwakachetechete, mwini wake osadziwa. Kunena zoona, imeneyi ndiyo swap imene ine ndimaisirira, ngakhale siilembedwa ndi zilembo zazikulu pa katoni.

TSONO TICHITE CHIYANI?

Pali chinthu chimodzi choseketsa chimene ndachiona m'mafoni angapo a kumudzi. Foni ya 32GB, mwini wake akudandaula kuti malo atha, koma ukalowa m'kati upeza magigabaiti awiri kapena atatu apatulidwa kukhala RAM yoonjezera. Mankhwala a matenda achiwiri akukulitsa matenda oyamba. Pa foni yotere ine ndimachepetsa kapena kuzimitsa RAM yoonjezerayo, chifukwa foni yodzaza mpaka pakamwa imachedwanso payokha. Flash imafuna kampata kopumira kuti ilembe bwino. Ngati malo alipo ambiri, isiyeni monga idabwerera, siikupwetekani. Kungoti musaikweze mpaka pamapeto n'kumayembekeza zozizwitsa.

Chothandiza foni yolemedwa ndi kuipeputsira katundu. Chotsani mapulogalamu amene simuwagwiritsa ntchito, chifukwa ambiri amakhala maso ngakhale simunawatsegule. Gwiritsani ntchito opepuka pamene alipo, monga Facebook Lite m'malo mwa Facebook yaikulu. Muziizimitsa ndi kuiyatsanso nthawi ndi nthawi. Ndipo chenjerani ndi timapulogalamu tolonjeza kuyeretsa RAM kapena kuthamangitsa foni. Timatseka mapulogalamu amene Android iwatsegulanso posachedwa, kotero ntchito imachuluka m'malo mochepa, ndipo tokha timakhala pa desiki lomwelo n'kumakuonetsani zotsatsa malonda.

Kwa bambo kapena mayi amene akusunga ndalama za fodya, za mtedza kapena za kumapeto kwa mwezi kuti agule foni, langizo langa ndi ili. Ngati mafoni awiri ali pa mtengo wofanana, ina ya RAM yeniyeni yochuluka ndi malo osungira ochepa koma yolola khadi, inayo ya malo ambiri koma RAM yochepa, tengani yoyambayo. Bokosi mudzagula chaka chamawa. Desiki mukhala nalo mpaka foniyo idzafe. Wogulitsa akakuuzani kuti ili ndi 8GB, mufunseni mwaulemu kuti, "Achimwene, pa 8 imeneyi, yeniyeni ndi ingati, yobwereka ndi ingati?" Akazengereza, pemphani kuti ayatse foniyo. Lowani mu Settings, pitani pa About phone, ndipo mafoni ambiri amaonetsa pamenepo manambala awiriwo padera, wachiwiri ali ndi chizindikiro cha kuphatikiza kutsogolo kwake. Nambala yoyambayo ndiyo mukulipira.